Moto wa ku Dambo la Katope Ndidaukwirira Ndine

Limbikani mdzukulu wanga, amuna anga ondithawa,

Ndakhala pansi pa mango masana ano, iwe utapita ku Namitete kukametetsa, ndipo ndang'amba mapepala pakati pa kope lako lakale. Usakwinye nkhope, ndang'amba osalembedwa. Zilembo zanga ndi zija za kusukulu ya kwacha, zina zagona zina zaimirira, koma munthu woitanidwa ndi azungu sangalephere kuwerenga agogo ake. Kalatayi uwerenge lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Usati ndikawerengera m'ndege, ayi. Muli nkhani imene siyenera kukwera ndege isanakonzedwe.

Koma poyamba ndileke ndikondwere. Ambuye wanga, mawa ndege! Mwana amene malemu amayi ake adandisiyira akuyamwa chala, amene ndinkamupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje, mawa akwera ndege kupita kutsidya kwa nyanja. Kuyambira Lolemba ndauza aliyense wokhala ndi makutu. Ndauza kuchigayo, ndauza kumjigo, ndauza ngakhale kumaliro a kutsidya kuja, mpaka amayi ena anandikoka chitenje n'kuti, "A Namwale, tatsitsani mawu, tili pa siwa pano." Dzulo ndinaimitsa wogula nkhuku wa panjinga, munthu wosamudziwa n'komwe. Iye amayesa ndimugulitsa tambala. Ndinati, "Tambalayu ngwa mdzukulu wanga wopita kunja, inu ndakuimitsani kuti mungomva." Anachoka akupukusa mutu. Ndilibe nazo kanthu. Nsapato zanga zakutchalitchi ndatsuka kawiri, chilundu chatsopano chili pansi pa mphasa kuti chiwongoke, ndipo mawa kubwalo la ndege ndikaimba nthungululu mpaka apolisi abwere kudzafunsa kuti kwagwanji.

Paja ndinkakuseka ine, ukukumbuka? Ndinkati anzako akuphunzira udokotala, ena uphunzitsi, iwe wasankha sukulu ya utsi, chinthu chimene ine ndakhala ndikupuma mwaulere m'khitchini chibadwire. Udandikhazika pansi n'kunena kuti, "Agogo, tchire likapsa, mu utsimo mumatuluka mpweya wosaoneka, dzina lake metheni. Ukakwera kumwamba umasunga kutentha ngati bulangeti. Ine ndikufuna kudziwa kuti moto wa m'nkhalango za Malawi wakhala ukutulutsa wochuluka bwanji, chaka ndi chaka, kuyambira kale mpaka lero." Kenako udandionetsa pa kompyuta yako mzere wokwera ndi kutsika, ndendende uja wa pakhadi la kusikelo ya ana. Ndidati, "Kodi dziko nalo lili ndi khadi la kusikelo, eti? Ndiye namwino wake ndiwe?" Kuchokera tsiku limenelo ndidasiya kukuseka. Ndimayenda monyada ngati mayeso aja ndidalemba ndine.

Tsono imva chimene chandikhazika pansi pa mango. Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi unandiwerengera lipoti lako, limene azungu alikonda mpaka kukuitana. Ndinakondwa mpaka pamene unafika pa mawu aja akuti moto waukulu umene udapsereza nkhalango ya mudzi wathu udayatsidwa ndi tenanti wa paesiteti amene ankasaka mbewa, malinga ndi mayi wina wachikulire amene adaona. Unandiyang'ana ukumwetulira, unati, "Agogo, mayi ameneyu ndinu." Ine tiyi anandiwawa m'kamwa. Limbikani, mawu amenewo ndi bodza. A Makwinja, tenanti ameneyo, sadayatse moto. Moto uja ngwanga. Bodzali lakhala m'mudzi muno zaka zambiri, likudya ndi kugona, ine osalithamangitsa. Koma kuti mawa likwere ndege m'chikwama cha mdzukulu wanga, likawerengedwe ndi anthu ophunzira, dzina lako lili pamwamba pake, zimenezo ayi. Ndalemba m'malo mokuuza pamaso chifukwa pakamwa pangapa sindipakhulupirira. Ndikayamba kuyankhula pamakhota pokha, anthu amaseka, ndipo nkhani ikamatha wolakwa amakhala wina. Cholembera n'chaulesi, sichitha kuthamanga choncho.

Ndiyambe ndi tsiku la chidulo. Zidali zaka zija zipani zitangoyamba kumene, iwe usanabadwe, mwezi wa Okutobala, dambo la Katope litauma mpaka kung'aluka. Ndidali ndi dimba kumapeto kwa damboko, moyandikana ndi nkhalango. Ndidaunjika makoko a nyemba ndi zitsononkho kuti nditenthe, ndipeze phulusa la chidulo, pakuti malemu agogo ako aamuna, a Gidiyoni, therere la soda wa m'golosale ankati limanunkha sopo. Moto udayaka bwino, phulusa ndidawolera m'beseni. Kenako ndidamva belu. Lidali Lachinayi, tsiku la mapemphero a amayi, ndipo woyambitsa nyimbo ndidali ine. Ndikadachedwa akadayambitsa mayi wina wa mawu ngati chitseko chakale, ndipo zimenezo sindikadapirira. Pansi padatsala timakala tofiira. Chitsime cha padimba chidali chitatsala matope okhaokha. Ndidachita zimene mkazi aliyense amachita pakhomo pake: ndidakwirira makala ndi dothi, kupondaponda, beseni pamutu, liwiro.

Mdzukulu wanga, pakhomo dothi limazimitsa moto. Kudambo dothi ndi nkhuni. Dothi lakuda lija ndi mizu ndi udzu zimene zakhala zikuwolerana kuyambira nthawi ya makolo athu, ndipo likaumitsa limapsa. Ine ndinkayesa ndaupha moto, pamene ndaufunditsa chakudya chake. Ndiye kumene ukupitako usakafike ndi nzeru za pano n'kumati kwathu timatere. Uzikayamba wafunsa kuti dothi la kumeneko n'lotani. Mbaula yawo, chitseko chawo, moni wawo, funsa. Akakuseka kuti ndiwe wakumudzi, aseke, mano ndi awo. Ndipo belu likalira ntchito ili pakati, lisiye lilire. Nyimbo ija ndidaiyambitsa bwino kwambiri, amayi mpaka kuimirira, kumbuyo kwanga dambo likuyamba kunyeka.

Patapita masiku atatu ndidapita kukathyola mpiru, ndipo ndidaona kautsi. Kochepa, kotuwa, kakutuluka m'ming'alu ya nthaka ngati pansipo pali munthu akusuta. Lawi padalibe. Nditaponda, phazi lidamva kufunda. Fungo lake silidali la lupsa lomwe timalidziwa. Lidali lolemera, logwira pakhosi, ndipo mutu udandiwawa tsiku lonse. Ndidapala timadzi ta m'chitsime n'kuthira. Padazima pamenepo, kautsi n'kutulukira uko, mapazi khumi. Chofunika ndinkachidziwa: kuitana amuna abwere ndi makasu, akumbe ngalande kuzungulira mpaka apeze dongo lonyowa. Ntchito ya tsiku limodzi. Koma ndikadayamba bwanji? Ine mkazi wa mkulu wa mpingo, ine amene sabata yapitayo ndidali nditaima pamaso pa amayi kudzudzula otentha tchire, mpaka kutchula mayina a ana awo? Ndidati mvula ibwera izimitsa. M'mawa uliwonse ndinkatuluka n'kuyang'ana kumwamba. Kumwamba kuli mbee! Masabata awiri ndidakhala ndikuyang'ana kumwamba pamene nkhani idali pansi.

Apa tchera khutu, pakuti mpa ntchito yako. Udandiuza wekha kuti moto wopanda lawi, wongofuka, ndi umene umatulutsa metheni wambiri kuposa moto wa malawi. Udandiuzanso kuti makina ojambula dziko ali kumwamba aja amaona bwino pamene papsa poyera. Ndiye pachithunzi cha chaka chija chimene udandionetsa, chibanga chakuda chija ndi nkhalango yokha. Masabata awiri anga a pansi pa dambo mulibe. Khadi lako la kusikelo laperewera, ndipo wapereweza ndine. Ukafika uwauze aphunzitsi ako kuti kwathu kuli moto woyenda pansi ngati mfuko, ndipo kuti wakuuza ndi amene adausonkha. Iwenso, ukadzaphwanya kanthu kumeneko, kaya ndi botolo la m'chipinda choyesera zinthu, kaya ndi pangano, unene tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Manyazi anga tsiku loyamba adali okwana m'kadengu. Lero akufuna ngolo.

Tsiku lomwe moto udatulukira poyera kudali mphepo, ya kamvuluvulu ija yosasula madenga. Moto udali utayenda m'mizu mpaka kufika pa udzu wa m'mphepete mwa nkhalango. Cha m'ma leveni koloko tidangomva thi! thi! ngati mfuti, nsungwi zikuphulika. Woyamba kufikapo adali a Makwinja. Adali munthu wa ku Phalombe, wamfupi, wosayankhulayankhula, wolima fodya paesiteti ya kuseri kwa nkhalango. Tsikulo ankakumba mbewa chapafupi, ndi khasu, osati ndi moto. Ataona malawi adathyola nthambi n'kuyamba kumenya moto, akukuwa kuti anthu abwere. Ife tidawapeza ali bii, nsidze zitapsa, kathumba ka mbewa kali m'chiuno. Moto sudagwirike. Pofika madzulo misuku yonse, miwanga, malo athu ozula bowa, ndi zigafa ziwiri zoumitsiramo fodya za paesiteti, zonse zidali phulusa.

Anthu atatopa adayamba kufunsana kuti wayatsa ndani. Bambo wina adati, "Komatu utsi wakhala ukufuka kudamboku masiku angapo." Maso a anthu adayamba kutembenukira kumadimba, ndipo dimba loyamba kumeneko lidali langa. Pamenepo pakamwa panga padathamanga. Ndidaloza kathumba kaja n'kuti, "Mukufunanso chiyani, umboni suli m'chiunomo? Kwawo adamaliza mitengo, tsopano abwera kudzamaliza yathu chifukwa cha ndiwo za michira!" Anthu adaseka, Limbikani. Adaseka kwambiri, ndipo ine kuseka kumeneko kudanditsekemera. A Makwinja adati, "Amayi, inetu ndimazimitsa." Ndidati, "Eya, mbewa zitapsa kale." Adasekanso. Kapitawo wa paesiteti adali pomwepo, akufuna munthu woti akamuonetse kwa bwana wake chifukwa cha zigafa. Ndidampatsa ndine. Sabata isanathe banja lonse lidauzidwa kuti lichoke, mbande za fodya zili kunazale. Iwe lilime langa uli nalo, usakane, ndimakumva ukamatsutsana ndi anzako pakhondepo. Anthu akamaseka chifukwa cha mawu ako, uziyang'ana nkhope ya amene sakuseka.

Akazi awo a Makwinja adali anzanga, ndipo apa ndi pamene cholembera chikundilemera. Ndiwo adandiphunzitsa kuphika kalongonda, nyemba za kwawo zija zofuna kutaya madzi kambirimbiri. Tinkasinja limodzi. M'mawa wa tsiku lochoka adafika pakhomo pano, mwana kumbuyo, lichero langa m'manja, lomwe adabwereka kalekale ine n'kuliiwala. Adagwada, adati, "Mayi Namwale, landirani lichero lanu, angadzati tinaba." Sadanditukwane. Akadanditukwana bwenzi ndili ndi poyankhira, paja kutukwanizana ndiye munda wanga. Ndidalandira, ndidati, "Muyende bwino." Mawu awiri okha, ine mwini mawu. Iwe kuyambira mawa ukhala wobwera. Kukasowa kanthu m'nyumba yogona ophunzira, maso adzayambira pa iwe, wa khungu lina, wa kayankhulidwe kena. Zikadzatero uime nji, unene zoona mokweza. Ndipo akadzaloza wobwera mnzako, iwe ukudziwa kuti sadalakwe, usakhale ine.

Ndinkayesa bodza lichoka nawo limodzi a Makwinja. Silidachoke, lidaswana. Kuyambira chaka chimenecho moto uliwonse m'dera lino umakhala wa matenanti. Ana athu enieni, ana a madikoni, ankatentha dambo posaka mbewa dzuwa likuswa mtengo, koma pofunsa yankho lidali limodzi: "Ndi obwerawa, paja mukukumbuka a Makwinja." Kusukulu ana a matenanti ankatchedwa a ndiwo za michira, mawu anga omwe aja, ana akuwaimba ngati nyimbo. Ndipo Lamulungu unanena kuti ukafika kunja ukufuna ukayang'ane ngati moto umachuluka kufupi ndi maesiteti, chifukwa cha nkhani ya kwathuyi. Kayang'ane, ndi ntchito yako. Koma usakayambire pa mawu anga. Anthu aja alibe munda wawo kuno, alibe wowayankhira. Buku la munthu wophunzira likawaloza chala, adzadandaula kwa yani?

Agogo ako aamuna adadziwa. Adali munthu woyenda pang'onopang'ono, woyang'ana pansi, ndipo pansi mpamene padali umboni. Tsiku lina masana adabwera kuchokera kudambo nsapato zili mbuu, adakhala pakhonde, adati, "Namwale, moto ujatu udasiya njira. Nthaka yatitimira, mzere umodzi. Ndautsata." Ine ndidati, "Nanga wakufikitsani kuti?" Adati, "Wandifikitsa pa mpiru wathu." Ndidayankha kuti, "Ndiye mukadathyolako, ndiwo kulibe." Iwo adangopempha madzi akumwa. Nkhani idathera pomwepo mpaka adalowa m'manda. Ankandikonda, komanso ankaopa kuti dzina lathu linganunkhe kumpingo, ndiye tidakwirira awiri. Tsono za mkazi. Ndikudziwa udzandipezera mkazi mnzanga, sindine mwana. Kaya ndi mzungu, kaya ndi wa ku Nsaru, kaya ndi wa ku Phalombe komweko, ndilibe mawu, bola adziwe kupereka moni. Koma usadzatenge wokuthandiza kukwirira. Udzatenge woti ukalakwa akugwire dzanja mpaka kwa amene wamulakwira, ngakhale uzikokera m'mbuyo ngati mbuzi yopita kumsika.

Ndidayesapo kukonza mwakachetechete, ndipo pamenepa useke, ndakulola. Chaka china adabwera alangizi ndi mbande za mitengo. Ine ndidalembetsa patsogolo pa onse, n'kusankha bulugama chifukwa amakula msanga. Ndinkafuna mlandu wanga uphimbike msanga. Alangizi adati, "Amayi, ameneyu musabzale kudambo, amamwa madzi ngati ng'ombe." Ndidati, "Mwana iwe, dambo limenelo ndidayamba kulima amako asanamere mano." Ndidabzala mzere wonse m'mphepete mwa dimba. Anthu adandiyamika, abusa adanditchula paguwa kuti ndine chitsanzo, ine n'kumaweramitsa mutu modzichepetsa. Patapita zaka zochepa chitsime chidaphwa, changa pamodzi ndi cha oyandikana nawo, ndipo mpaka lero mabanja awiri amandipatsa moni wozizira. Ndiye imva: ukalakwira munthu, usapite kukapepesa mitengo. Upite kwa munthuyo.

Za mzere wako wokwera ndi kutsika ndili nazo mawu, pakuti ine zaka ndimazikumbukira ndi utsi. Tili atsikana, akulu ankatentha tchire msanga, udzu usanaumitse, moto n'kumangoyenda m'munsi, mitengo osapsa. Zipani zitabwera tidati ndi ufulu, aliyense nkhwangwa paphewa, ndipo nanenso ndidasenza mitolo yanga, sindibisa. Nkhalango yathu itapsa sidadzukenso, chifukwa ziphukira tinkazidula zisanafike m'chiuno. Kenako kudabwera a makala kudzazula zitsa, ndipo uvuni wa makala nawonso ndi moto wokwirira, umafuka masiku angapo lawi osaoneka. Amenewonso uwawerengere. Lero kuno moto wolusa wachepa, inde. Koma ukadzaona mzere wa dera lino ukutsika, usathamangire kuvina. Udzayambe wafunsa ngati anthu aphunzira kapena ngati chopsa chatha. Kunoko ndikuuziretu, chatha. Ine wa nkhalango yonse ija, lero ndimaphikira mapesi.

Cholakwa chatsopano ndi cha chaka chathachi, ndipo chimenechi ndidalakwira iwe. Udabwera ndi foni yako yojambula mawu, udaiika pampando, udati, "Agogo, ndiuzeni za moto waukulu uja." Mpata udali umenewo. Tidali awiri okha, woseka padalibe. Koma kungoona kafoni kaja kakundimvetsera, magazi adathamanga. Ndidalowa m'nyumba kukamanga mpango watsopano, ngakhale udati nkhope sijambulidwa. Ndidakufotokozera bodza lija bwino kuposa kale lonse. Ndidawonjezera kuti a Makwinja adali ndi machesi m'thumba la malaya. Machesi amenewo ndidawapanga tsiku lomwelo, pamkeka pomwepo. Iwe unkangogwedeza mutu, "Eti agogo, eti." Udafunsanso ena m'mudzi, onse adanena chimodzimodzi, udati umboni wakwana. Mwana wanga, onsewo adamva kwa ine! Udatunga pachitsime chimodzi ndi ndowa zisanu. Pa ntchito yakoyi uzichenjera ndi odziwa kufotokoza. Munthu nkhani ikamatsetsereka bwino m'kamwa mwake, umufunse kuti iyeyo adaima pati, ndipo dzulo lake adali kuti. Ndipo usatseke kope usanapeze amene adachoka. Otsala m'mudzi amagwirizana msanga.

Zina zing'onozing'ono ndikuuziretu ndisanaiwale, pakuti mawa ndikhala ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi, sudzamva kanthu. Jekete lija uvale pathupi, usaike m'sutikesi, akuti kumeneko kuzizira kwa Juni wathu ndi masewera. Mtedza ndakazinga, uli m'botolo. Akakuletsa pachipata udye wonse pomwepo, usawasiyire ngakhale kamodzi. Tchalitchi ukachifune sabata yoyamba, usadikire mavuto. Foni uziimba Loweruka, ndipo uzindilola ndiyankhule ine. M'ndege upemphe mpando wa pawindo, unene kuti atero ndi agogo ako. Ino ndi nyengo yake, uona utsi mizeremizere kuyambira Kabudula mpaka kumene maso athere. Ukandiuze momwe umaonekera kwa munthu amene ali pamwamba pake. Ine moyo wanga wonse ndauonera m'munsi, misozi ili chuchuchu.

Tsono za mawa. Ndege yako ndi ya masana, koma ife tinyamuka kukangocha. Minibasi ya ku Lilongwe tikwera ku Namitete monga tidapangana, koma tikatsika pa Msundwe. A Makwinja ali pamenepo. Ku Phalombe sadabwerere, amakonza njinga pakhonde la sitolo ina kuseri kwa msika. Ndidawaona zaka zingapo zapitazo minibasi itaima, ndipo chiyambire ndikamadutsa pamenepo ndimaweramira m'chikwama ngati ndikufuna kanthu. Lachitatu ndinapita dala kukatsimikiza. Alipo, imvi zili mbuu, akupopa tayala. Ndinaima kutsidya kwa msewu, kenako ndinabwerera osawoloka. Za akazi awo sindikudziwa, ndaopa kufunsa.

Ndekha ndalephera, ndiye ndikufuna iwe. Lipoti lako ulitulutse m'sutikesi, likhale m'manja pamodzi ndi cholembera. Ine ndikagwada pakhonde pomwepo, eni njinga akuona, ndinene zonse zili m'kalata muno. Ukaona kuti pakamwa payamba kukhota, ndayamba kuseketsa anthu, undiponde chala, usaope kuti ndine agogo. Ndikamaliza uwafunse iwo za tsiku lija, ulembe mawu awo monga anenera, ndipo mzere wa tenanti uja uufufute iwo akuona. M'malo mwake ulembe kuti moto udayambira padimba la mayi wa m'mudzi momwemo, ndipo udanyeka pansi masabata awiri mwini wake akudziwa. Azungu akafuna dzina, uwapatse.

Mwina ukamaliza kuwerenga sufuna kukhala nane mpando umodzi m'minibasi. Ndingamvetse. Ukhale kutsogolo, koma pa Msundwe utsike. Chodabwitsa n'chakuti mtima wanga ukudumpha ngati wa mtsikana wopita kuchinkhoswe chake, ndipo sindikudziwa ngati ndi chifukwa cha ndege kapena cha Msundwe. A Makwinja atha kundikhululukira, atha kunditukwana, atha kupitiriza kupopa tayala lawo osandiyang'ana. Zonsezo ndi zawo. Akatukwana usanditeteze. Ndipo akandifunsa kuti, "Amayi, zaka zonsezi mudali kuti?" iwe wophunzira usandiyankhire. Ungoima pambali panga, undisiye ndisowe mawu.

Ndine agogo ako, mkazi wako woyamba,
Namwale